Anchito a m'Mwazi ndi Mtobvu wa ku Kabwe

Munthu ali yense wokhala m'Kabwe adziwa cimulu cakuda cija ca pa mgodi wakale, cimene anthu acicha Black Mountain. Adziwanso pfumbi limene liuluka m'makomboni m'miyezi ya August ndi September, pamene udzu wauma ndipo mphepo yakula. Mbiri ya mgodiwo njodziwika. M'caka ca 1902 munthu wina wofuna-funa miyala, dzina lake T. G. Davey, anapeza miyala ya mtobvu ndi zinki pa timapiri ta pamalopo, nachula malowo Broken Hill, potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, tauni inakula, dzina lake linasintha kukhala Kabwe mu 1966, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Zaka zonsezo anthu anali kukumba zitsulo ziwiri m'mwala umodzi: zinki, imene aikuta pa malata kuti asacite dzimbiri, ndi mtobvu, umene ulemeretsa batire la galimoto.

Pansi pa nthaka zitsulo ziwirizi zigona pamodzi monga ana a mimba imodzi, koma zikalowa m'thupi la munthu macitidwe ao asiyana kutali. Thupi la munthu wamkulu lisunga magalamu 2 kapena 3 a zinki, ndipo ikasowa, mwana apinimbira ndi cilonda cicedwa kupola. Mtobvu ulibe nchito ngakhale imodzi m'thupi. Uli wonse umene ulowamo ungoononga. Nanga thupi, limene lidziwa kusanza cakudya coola ndi kutsokomola utsi, lilekeranji kuukana mtobvu? Yankho lake lipezeka mwa anchito ena aang'ono kwambiri, osaoneka ndi maso, amene akatswiri awacha maenzaimu. Nkhani ino ifotokoza mphamvu zao, malire a mphamvuzo, ndi cifukwa cake mmodzi wa iwo alandira mtobvu monga ngati mbale wake.

Enzaimu nciani?

Amai amene aphika munkoyo agwira nchito ndi maenzaimu, angakhale sawachula dzina. Aphika phala la ufa wa cimanga, naliphula, nalindira kuti kutentha kwake kutsike. Pamenepo aikamo mizu ya munkoyo yopuntha bwino. Isanapite nthawi yaitali, phala lija linali lolimba lisanduka lamadzi-madzi, ndipo liyamba kuzuna ngakhale sanathiremo shuga. Cimene cacitika ndi ici: ufa wa cimanga uli ndi timaunyolo titali-titali ta shuga wolumikizana, ndipo m'mizu ya munkoyo muli maenzaimu amene nchito yao ndi kudula timaunyoloto. Cimera ca thobwa cicita cimodzi-modzi, ndipo malobvu a munthu ali nayo enzaimu ya mtundu womwewo. Ncifukwa cake nsima yotafunidwa nthawi yaitali imveka kuzuna pang'ono.

Enzaimu ndi puloteni, ndiko kuti cingwe ca tizidutswa tochedwa amino asidi, copindika-pindika mwa njira yake-yake kufikira cisiya kamphako. M'kamphakomo ndimo mulowa cinthu coti cidulidwe kapena cilumikizidwe. Amakanika a pa mgodi adziwa kuti sipanala iri yonse iri ndi nati yake. Enzaimu nayonso iri ndi cinthu cake cimene cikwana m'mphako yake. Ikatha nchito pa cimodzi icitaya, nigwira cinzake, iyo yokha yosatha ndi yosasinthika.

Mphamvu ya anchito amenewa njodabwitsa. Mu 2008 akatswiri awiri a ku America, Charles Lewis ndi Richard Wolfenden, anayesa imodzi mwa nchito zimene thupi licita popanga utoto wofiira wa mwazi. Anapeza kuti popanda enzaimu, kuti theka lokha la nchitoyo licitike, pangapite zaka 2,300 miliyoni. Enzaimu yake iimaliza m'kanthawi kocepa, ndipo icita zimenezi pa kutentha kwa thupi cabe, madigiri 37, popanda ng'anjo kapena nyundo.

Wothamanga mmodzi, oyenda ambiri

Mwa maenzaimu ofulumira koposa muli ina yochedwa carbonic anhydrase, imene ikhala m'timaselo tofiira ta mwazi. Nchito yake ndi kusungunula mpweya woipa wocokera m'minofu kuti mwazi uunyamule, ndi kuumasulanso pofika m'mapapo. Mwazi upyola m'timitsempha ta m'mapapo nthawi yosakwana sekondi imodzi, pamene mpweyawo paokha ungafune masekondi angapo kuti umasuke. Cotero popanda enzaimu imeneyi kupuma sikukanakwanira. Iyo ikhoza kubwereza nchito yake pafupi-fupi ka 1,000,000 pa sekondi. Mu 1940 David Keilin ndi Thaddeus Mann, a ku Cambridge, anaonetsa kuti m'enzaimu imeneyi muli zinki. Kameneko kanali koyamba kuti anthu adziwe nchito yeni-yeni ya zinki m'thupi. Lero maenzaimu odziwika kuti afuna zinki aposa 300.

Pomva za liwiro lotere munthu angayese kuti maenzaimu onse ali otero. Iai. Mu 2011 akatswiri a pa Weizmann Institute ku Israel anasonkhanitsa miyeso ya maenzaimu zikwi zingapo, napeza kuti enzaimu wamba ibwereza nchito yake ngati ka 10 pa sekondi. Anapezanso kuti maenzaimu a nchito zikulu-zikulu, monga kutapa mphamvu m'shuga, afulumira ngati ka 30 kuposa a nchito zapadera zimene zifunika mwa kamodzi-kamodzi. Kunena kwina, othamanga ngowerengeka. Unyinji ngwa oyenda cabe. Zifukwa zake ziri za mitundu iwiri. Zina zicokera ku malamulo a zinthu zimene enzaimu ipangidwa nazo. Zina zicokera ku mbiri ya zamoyo.

Malire a zipangizo

Malire oyamba ndi akuti enzaimu singathe kugwira cinthu cimene sicinafike. Cigayo ca miyala pa mgodi, cingakhale camphamvu cotani, sicingaphwanye yoposa imene ngolo zabwera nayo. M'madzi a m'thupi zinthu ziyenda mongotengeka, uku ndi uku, ndipo pali liwiro limene sizingapitirire. Carbonic anhydrase iri pafupi ndi malire amenewo. Kuiwonjezera cangu sikungapindule kanthu kweni-kweni.

Malire aciwiri ndi a kutentha. Kuti enzaimu igwire cinthu ndi kucitaya iyenera kukhala yofewa, yotha kutseguka ndi kutsekeka. Koma cofewa sicipirira moto. Ncifukwa cake amai salola kuika mizu ya munkoyo m'phala lobwadamuka. Kutentha kukapambana, cingwe cija cimasuka, mphako iphwasuka, ndipo phala likhala liri lolimba monga kale.

Malire acitatu ndi a kusankha. Enzaimu yofuna kusiyanitsa zinthu ziwiri zofanana iyenera kugwiritsa ndi kudekha, ndipo kudekhako kudya nthawi. Citsanzo cake ciri m'munda. M'tsamba liri lonse lobiriwira muli enzaimu yochedwa rubisco, imene itenga mpweya woipa wa mlengalenga kuti mbeu ipange nao shuga. Pafupi-fupi cakudya conse ca pa dziko ciyambira pa iyo. Komabe m'mbeu zambiri ingogwira ngati katatu pa sekondi, ndipo kawiri-kawiri isokoneza, nigwira okosijeni m'malo mwa mpweya umene iufuna. Akatswiri poyerekeza rubisco ya zomera zosiyana-siyana aona kuti yofulumira isokoneza kwambiri, ndipo yosankha bwino icedwa. Mbeu zibwezera kucedwako pakupanga rubisco yambiri-mbiri, kotero kuti iyo ndi imodzi mwa mapuloteni oculuka koposa pa dziko lapansi. Cimanga, mapira ndi nzimbe ziri ndi njira ina: ziunjikira mpweya woipa m'tizipinda ta m'kati mwa tsamba mmene muli rubisco, kuti okosijeni isapeze mpata. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene cimanga cikondwera ndi dzuwa lotentha kuposa tirigu.

Malire acinai ndi a zipangizo zeni-zeni. Maenzaimu onse amangidwa ndi mitundu 20 yokha ya amino asidi, ndipo pali nchito zina zimene mitundu 20 imeneyi singathe payokha. Pamenepo enzaimu ibwereka citsulo: aironi, mkuwa, magineziamu kapena zinki. Citsulo cobwerekaco cikhala ngati mano a nkhwangwa, ndi puloteni ngati mpini wake. Koma wobwereka ayenera kukonza malo pokhala cobwerekaco, ndipo malo okwana citsulo cimodzi angakwanenso cinzake.

Malire a mbiri

Anthu a ku njanji m'Kabwe adziwa kuti mpata wa pakati pa mizere iwiri ya njanji ndi mamilimita 1,067, kapena mafiti 3 ndi mainchesi 6. Muyeso umenewu unasankhidwa kale ku Cape, ndipo unafika ndi njanji mu 1906. Si kuti upambana miyeso yonse. Koma milatho, ngolo ndi mainjini zonse zinapangidwa motsata iwo. Pamene njanji ya TAZARA inamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975, kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, omanga anatsata muyeso womwewo, kuti ilumikizane ndi njanji ya Zambia. Cosankhidwa kale cimanga manja a obwera pambuyo.

Maenzaimu ali cimodzi-modzi. Mwana alandira kwa makolo ake malangizo a kamangidwe ka maenzaimu ake, olembedwa m'cimene acicha DNA. Nthawi zina pokopa malangizowo palowa kacosintha kakang'ono. Kakakhala koononga, mwini wake sabala ana ambiri, ndipo kafa naye. Kakakhala kothandiza, kafalikira m'mibadwo. Umu ndi mmene zamoyo zisinthira pang'ono-pang'ono, monga anafotokozera Charles Darwin mu 1859. Kusintha kotere kuli ndi zilema zitatu. Kumanga pa zimene ziripo kale, osagumula nyumba kuti kuyambe pa maziko. Kuleka pamene nchito yakwanira, pakuti enzaimu imene ikwanitsa zofuna za thupi, kuifulumizanso sikuwonjezera mwana ngakhale mmodzi. Ndipo kulibe maso a kutsogolo: kukonzera zoopsa zimene makolo anakomana nazo, osati zimene zidzukulu zidzakomana nazo.

Rubisco ija isonyeza zimenezi. Inayamba pa nthawi imene mlengalenga munalibe okosijeni, pakuti mpweya umenewu unayamba kuculuka zaka ngati 2,400 miliyoni zapitazo. Pamene okosijeni inadza, zamoyo zina zinali zitamanga kale moyo wao wonse pa enzaimu imeneyi, ndipo panalibenso kubwerera.

Mafuwa atatu a zinki

Tsopano nkhani ifika pa mwazi. M'sekondi iri yonse mafupa a munthu wamkulu apanga timaselo tofiira toposa 2,000,000, kulowa m'malo mwa takale, pakuti kaselo kofiira kakhala masiku ngati 120 okha. M'kaselo kali konse muli utoto wofiira wonyamula okosijeni, ndipo mtima wa utotowo ndi kamphete kochedwa himu, kokhala ndi atomu ya aironi pakati. Kamphete kameneka kapangidwa ndi maenzaimu 8 olandizana nchito, monga anthu a pa mzere opatsirana njerwa. Waciwiri pa mzerewo, amene dzina lake lalitali alifupikitsa kuti ALAD, atenga tizidutswa tiwiri tofanana nakulumikiza kukhala kangodya kamodzi. Tingodya tinai totere tipanga mphete. Womaliza, ferrochelatase, alowetsa aironi pakati.

ALAD ndi imodzi mwa maenzaimu obwereka zinki. Monga mphika ukhala pa mafuwa atatu, zinki ya mu ALAD ikhala pa maatomu atatu a sulufule, ocokera ku amino asidi yochedwa cysteine. Mbali zitatu za zinki zigwidwa ndi mafuwawo, ndipo mbali yacinai itsala yapululu. Imeneyo ndiyo igwira kacidutswa koti kalumikizidwe.

Anthu amene anagwira nchito pansi pa mgodi wa Kabwe akumbukira miyala iwiri: galena, wonyezimira ndi wolemera, ndiwo mtobvu wogwirana ndi sulufule, ndi sphalerite, ndiwo zinki yogwirana ndi sulufule. Zitsulo zonse ziwiri zikonda sulufule, ndipo ncifukwa cake zipezeka pamodzi m'mwala. Koma mtobvu uikonda kopambana. Cotero ukalowa m'mwazi ndi kupeza mafuwa atatu a sulufule ali ciyalire, ukankha zinki nukhalapo, ndipo ugwiritsa kotero kuti sucokapo msanga. Cikondi cimene cinasonkhanitsa zitsulo ziwirizi m'phiri ndi comweco cimene cizikanganitsa m'mwazi.

Mtobvu ukhala pamalopo koma nchito suidziwa. Atomu yake njaikulu kuposa ya zinki ndi theka ndi kupitirirapo, ndipo ikhala mopendekeka; mbali yacinai ija, imene pa zinki iri yapululu, pa mtobvu njotsekeka. Enzaimu iima. Tizidutswa timene ikanalumikiza tiunjikana m'mwazi, tina titulukira m'mkodzo. Kumapeto kwa mzere nakonso mtobvu usokoneza kulowetsa aironi, kotero kuti m'timphete tina mulowa zinki m'malo mwake, ndipo kamphete kotere sikanyamula okosijeni. Madokotala ayesa timphete ta zinki timeneti pofuna kudziwa ngati munthu wakhala ndi mtobvu nthawi yaitali. Mtobvu ukaculuka, zotsatira zake ndi kucepa mwazi, kufooka, ndi kupotokola kwa m'mimba.

Carbonic anhydrase ija nayonso iri ndi zinki, koma mafuwa ake atatu nga naitulojeni, amene mtobvu suwakonda kwambiri. Cotero sibvutika monga ALAD. Sulufule igwira zinki bwino, koma iitananso mtobvu. Akulu anati, walira mvula walira matope.

Cifukwa cake thupi silinacenjere

Pa 17 June, 1921, wokumba wina wa ku Switzerland, Tom Zwiglaar, pamodzi ndi mnzake wa ciAfirika amene dzina lake silinalembedwe, anapeza cigaza ca munthu wakale-kale m'phanga la pa mgodi wa Broken Hill. Cigazaco cisungidwa ku Natural History Museum ku London, ndipo muyeso wofalitsidwa mu 2020 unaonetsa kuti ciri ndi zaka ngati 299,000. Kwa munthu zaka zimenezi nzosawerengeka, koma kwa ALAD ndi dzulo. Yisiti yotupitsa buledi ndi yofululira mowa iri ndi enzaimu yomweyi, ndi mafuwa atatu omwewa a sulufule. Ndipo kholo limodzi la yisiti ndi nyama linakhalako zaka 1,000 miliyoni zapitazo, kapena kuposerapo. Mafuwawo anayalidwa kalelo.

M'nyengo yonse yaitaliyo mtobvu unali wotsekeredwa m'miyala, m'malo owerengeka a dziko. Akatswiri ena, poyesa mafupa a anthu akale, anawerengera mu 1992 kuti anthu asanayambe kuyenga zitsulo, mtobvu wa m'mwazi mwao unali ngati 0.016 pa muyeso umene madokotala agwiritsa nchito lero, ndiwo mamaikulogalamu pa desilita. Maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu, ndipo desilita ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a lita. Pa mtobvu wocepa cotero, enzaimu yodziwa kuukana inalibe phindu loposa inzake yosadziwa; cotero panalibe cosankha. Mlonda saphunzira nkhope ya mbala imene sinafikepo pa mudzi.

Njira ina inalipo ndithu. ALAD ya zomera ilibe mafuwa atatu a sulufule; igwira nchito yomweyo ndi cithandizo ca magineziamu, ndipo mtobvu supeza pokhala potere mwa iyo. Koma makolo a nyama ndi anthu anatsata njanji ya zinki, ndipo mbumba yao yonse iyenda pomwepo kufikira lero.

Ana a m'makomboni

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi umene udziwika kuti ngwosaononga, ndipo mu 2021 linalangiza kuti munthu akafika pa 5, gwero la mtobvuwo lifunidwe ndi kutsekedwa. Mu 2015 Dr. John Yabe wa pa University of Zambia, pamodzi ndi anzake a ku Hokkaido University ku Japan, anafalitsa zimene anapeza mwa ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Ana onsewo anaposa 5, ndipo wina anafika pa 427.8. Pamenepo nkuti mgodi utatsekedwa zaka zambiri. Pakuti mtobvu suola, ndipo utsi wa ng'anjo ndi pfumbi la pa zimulu zinausiya m'dothi la m'mabwalo mmene ana akwawa ndi kusewera.

Pali cinthu cimodzi cimene cinyenga makolo. Thupi lipanga ALAD yoposa imene lifuna, kotero kuti ngakhale theka la iyo litaima, mwazi upangikabe. Mwana aoneka wamoyo, adya, athamanga. Koma mtobvu suima pa ALAD yokha. Ulandanso malo a kalasiamu, cinthu cimene cilimbitsa mafupa ndi kuyendetsa mithenga m'mitsempha ya bongo. Bongo wa mwana umangika m'zaka zoyamba za moyo, ndipo cimene caonongeka pa nyengo imeneyo kawiri-kawiri sicibwerera. Cioneka pambuyo pake m'kalasi, mwana akamalephera kugwira zophunzira ndi kukhazikika. Kuwonjezera apo, m'mimba mwa mwana mulowetsa mtobvu kanai kapena kasanu kuposa mwa munthu wamkulu. Wotsala ubisala m'mafupa zaka makumi, ndipo mai akakhala ndi pakati, pamene mafupa ake amasula kalasiamu kuti amange mwana, mtobvu utuluka nao pamodzi.

Zimene zithandiza

Wodziwa mmene mtobvu ulowera adziwanso potsekera. M'matumbo muli timakomo tolowetsera aironi ndi kalasiamu, ndipo mtobvu uzembera pa timakomo tomweto. Thupi losowa aironi litsegula timakomoto kwambiri, ndipo m'mimba mopanda kanthu mulowetsa mtobvu wambiri kuposa mokhuta. Cotero mwana wa m'Kabwe asayambe kusewera ndi njala. Kapenta wodyedwa ndi minga yake, nyemba, nshawa, mazira, mkaka, nyama ndi ndiwo za masamba zipatsa thupi aironi, kalasiamu ndi zinki, kuti eni malo akhale pa malo ao. Koma cakudya cicepetsa ngozi cabe, siciicotsa.

Cacikulu ndi kulekanitsa mwana ndi pfumbi. Manja a ana asambitsidwe ndi sopo asanadye. M'nyumba akolope ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa pouma, ndipo pabwalo awaze madzi asanasese, kapena abzalepo kapinga. Ndiwo za m'dimba zitsukidwe bwino, pakuti ngakhale enzaimu ya mbeu ipirira mtobvu, tsamba lisenza pfumbi. Ana asasewere pa zimulu za mgodi kapena m'ngalande yocokera kumeneko. Amene afukula miyala pa zimuluzo abvule zobvala za ku nchito ndi kusamba asananyamule mwana, ndipo zobvalazo zicapidwe pazokha. Amai apakati aleke kudya dothi.

Popeza maso sangathe kuzindikira mwana amene ali ndi mtobvu, njira yokha yodziwira ndi kuyezetsa mwazi ku cipatala. Mu 2016 World Bank inabvomereza ndalama zokwana madola 65.6 miliyoni za nchito yokonza malo oipitsidwa ndi migodi m'Zambia, ndipo mbali ina ya nchitoyo inali kuyeza ndi kuciza ana a m'Kabwe. Mwana akafika pa 45 kapena kuposa, madokotala apereka mankhwala okoka mtobvu. Amodzi mwa mankhwalawo, ochedwa succimer, ali ndi maatomu awiri a sulufule. Mtobvu, pokonda sulufule monga mwa khalidwe lake, ugwira mankhwalawo nutuluka nao m'mkodzo. Nyambo yake ndi yomwe ija. Mankhwala amenewa ngoperekedwa ndi dokotala yekha, pakuti akoka ndi zinki yomwe pang'ono. Ndiponso mwana wociritsidwa akabwerera ku bwalo la pfumbi lomwe lija, mtobvu ubwereranso.

Mgodi wa Kabwe unagwira nchito zaka zosakwana 100, ndiyo mibadwo itatu kapena inai ya anthu. Enzaimu imene yakhala ndi mafuwa ake zaka 1,000 miliyoni singaphunzire kusiyanitsa zinki ndi mtobvu m'mibadwo inai, ngakhale m'mibadwo 100. Idzapitirira kulandira citsulo ciri conse cokonda sulufule cimene mwazi uibweretsera. Kusankha kumene iyo singathe kwatsalira anthu: boma ndi eni migodi pa zimulu ndi dothi la m'makomboni, acipatala pa kuyeza ndi kuciza, ndi makolo pa mbale ya madzi ndi sopo nsima isanafike.